Zapansi pa mulu n'zandani?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye ndabwera ndi nkhani ya galimoto zoyendera magetsi. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka, kuti mayi wogulitsa mpunga ndi nyemba za magalimoto wazitenga kuti. Sekani ndithu, koma funso limene lili m'nkhani imeneyi ndi lathu ife a geni kuposa amakaniko. Funso lake ndi ili: chinthu chimene wogula sangathe kuchiona ndi maso ake, chikhalirecho chingathe kumuvulaza kapena kumupha kumene, udindo wake uli pa ndani? Ndipo wogulitsa akamati "nanga nditani, anzanga onse atsitsa mtengo," kodi mawu amenewa amamuchotsera mlandu?

Ndiyambe ndi mpikisano wakewo kuti tiyendere limodzi. Ku China ndiko kumapangidwa galimoto zamagetsi zambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo makampani a kumeneko akhala akugwetserana mitengo kuyambira kumayambiriro kwa 2023, pamene Tesla ya Elon Musk inadula mitengo yake, ena onse n'kutsatira. Mu Meyi 2025 kampani ya BYD inatsitsa mitengo ya mitundu 22 ya galimoto zake, ina mpaka ndi 34 pa 100 iliyonse. Kagalimoto kawo kakang'ono kotchedwa Seagull kanafika pa 55,800 yuan, ndalama yosakwana madola 8,000 a ku America, katsopano, kosayendapo munthu. Eni ake a ku China ali ndi liwu la zimenezi, amati neijuan. Akutanthauza kuthamangitsana kumene aliyense akutuluka thukuta lambiri kuposa dzulo koma palibe amene akupeza zambiri kuposa dzulo. Aaa, zimenezotu ife timazidziwa. Ndi nyengo ija tomato amachuluka pamsika: uyu watsitsa mulu, uyo watsitsa n'kuwonjezera basela, wachitatu akungoti tengani momwe mwathera. Dzuwa likamalowa nonse mwagulitsa, ndipo nonse mwadya mpamba.

Ndisaunamizire mpikisano, chifukwa ndi umene umatidyetsa, ndiponso wachita zabwino zenizeni pa nkhani imeneyi. Mtengo wa mabatire a lithium watsika ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse kuchokera mu 2010, n'chifukwa chake galimoto imene inali ya anthu olemera okhaokha lero mphunzitsi wa ku China akuikwanitsa. Pali mtundu wina wa batire, amautchula LFP, umene sufuna cobalt kapena nickel. Ndi wotchipa, komanso sugwira moto msanga. Mu 2020 BYD inaonetsa poyera batire yake ya mtunduwu ikubayidwa ndi msomali koma osayaka, ndipo Tesla nayo inayamba kuika mtundu womwewu m'galimoto zake zotsikirako mtengo. Apatu kutchipa ndi chitetezo zinagwirana chanza. Mawerengero a ku Sweden amaonetsanso kuti galimoto zamagetsi sizipsa kawirikawiri ngati za petulo ndi dizilo. Ndipo galimoto zingapo za BYD zitayesedwa ku Ulaya zinapata nyenyezi zonse zisanu za chitetezo. Ndiye amene mukudikira kuti ndinene kuti za ku China n'zachabechabe, pepani, simumva zimenezo kwa ine.

Vuto langa lili pena. Aliyense amene anagulapo tomato amadziwa kuti mulu uli ndi pamwamba ndi pansi. Mpikisano umaona ndi maso a kasitomala. Chimene kasitomala akuchiona, mpikisano umachipukuta mpaka chiwale. Chimene sakuchiona, mpikisano womwewo umachidya pang'onopang'ono ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga, kunja thumba lili bwinobwino. Pamsika wogula amaona kukula kwa mulu, kufiira kwa tomato ndi basela. Saona ngati tomatoyo wapoperedwa mankhwala dzulo lomweli, saona ngati nyemba zathiridwa mankhwala opyola muyezo kuti zisafumbwe, saona kuti mbale yoyezera ndi yokhomedwa pansi, kapena kuti kilombero ali pamwamba pokha. Ndipo izi si zofanana ayi. Mbale yokhomedwa imakubera m'thumba, ukazindikira mawa ukagula kwina. Mankhwala aja amakubera m'thupi, ndipo mwana akamatsegula m'mimba usiku palibe amene angaloze benchi imene zachokera.

Pa galimoto n'chimodzimodzi. Wogula amaona mtengo, sikirini yaikulu ngati wailesi yakanema, makilomita amene ingayende ukaitchaja kamodzi, ndi liwiro lake ponyamuka. Saona kukhuthala kwa chitsulo cha m'chitseko, saona mmene anawotcherera m'munsi, saona kuti galimotoyo inayesedwa miyezi ingati isanatuluke. Makampani akale ankatenga zaka 4 kapena 5 kuti atulutse mtundu watsopano wa galimoto. Ena a ku China tsopano akutha m'zaka 2, mwinanso osakwana. Zina mwa zaka zadulidwazo zinali ulesi ndi misonkhano yosatha, n'zoona. Koma wogula alibe njira yodziwira kuti mwezi umene wadulidwawo unali wa misonkhano kapena woyesera mabuleki pa msewu woterera.

Komanso mtengo ukatsika, ndalama yadulidwayo siuluka kupita kumwamba. Imayenda chambuyo kufunafuna munthu amene sangakane. Chakumapeto kwa 2024 kunatuluka kalata imene BYD inalembera ena mwa makampani oigulitsa zipangizo, kuwapempha kuti atsitse mitengo ndi 10 pa 100 iliyonse. Makampani a galimoto ankachedwanso kulipira owapatsa zipangizowo, moti mu Juni 2025, boma litalowererapo, makampani akuluakulu oposa 10 analonjeza poyera kuti azilipira pasanathe masiku 60. Ife a mpunga mzere umenewu timaudziwa pamtima. Wa pabenchi akapanikiza wopikulitsa, wopikulitsa amakapanikiza mlimi, mlimi alibe womupanikiza, ndiye amapanikiza thumba: timiyala, mankhusu, mpunga wosauma bwino kuti ulemere pa sikelo. Mkulu wa kampani ya Great Wall Motor, Wei Jianjun, anadandaula poyera mu 2025 kuti katundu sangatsike mtengo chonchi n'kukhalabe wabwino. Paja nayenso ndi wopikisana nawo, ndiye mawu ake tiwamve ngati a mayi wa usipa amene akukuuza kuti usipa wa mnzake wagona. Komabe wa usipa wansanje amatha kunena zoona.

Tsono pali anthu amene amati zonsezi n'zosavuta, wogula achenjere yekha, safunsa anadya phula. Tiyeni tiuyese mwambiwu pa nkhani ya Chevrolet Bolt, galimoto yamagetsi ya kampani ya General Motors ku America. Batire ya galimoto yamagetsi si chinthu chimodzi ngati ya mutochi. Ndi maselo mazanamazana olumikizana, oyalidwa kunsi kwa mipando. M'kati mwa selo iliyonse muli mbali ziwiri zimene siziyenera kukhudzana, ndipo pakati pake pali kansalu kopyapyala kuposa pepala kozilekanitsa. Zikakhudzana yachita shoti, selo imatentha n'kutenthetsa inzake, inzakeyo n'kutenthetsa ina, ngati moto wa m'misika yathuyi umene umayambira pa benchi imodzi. Moto wake ndi wovuta kuzimitsa, umafuna madzi ambirimbiri, ndipo utha kubukanso patapita maola anthu atabalalika kale.

M'mabatire ena a Bolt, amene anapangidwa ndi kampani ya LG ya ku South Korea, munapezeka tolakwika tiwiri m'selo imodzi: kachitsulo kong'ambika, ndi kansalu kaja kopindika. Basi. Galimoto zinayamba kuyaka zili chiimire. General Motors inayamba kuziitanitsa mu Novembala 2020, ndipo pofika Ogasiti 2021 inaitanitsa zonse, zoposa 140,000. Eni ake anauzidwa kuti aziimika panja, asazisiye pa chaja usiku m'galaja, ndipo kenako kuti aziimika mamita 15 kutali ndi galimoto zina. Tangoganizani, wagula galimoto ndi ngongole, ndiye akukuuza kuti uziisunga ngati galu woluma. Ntchito yosintha mabatire inadya pafupifupi madola 2 biliyoni, ndipo yambiri inalipidwa ndi LG.

Sindikunena kuti mpikisano ndi umene unapinda kansaluko, kulakwitsa kwa m'fakitale kumachitika. Chimene ndikufunsa n'chakuti, wogula uja akanafunsa chiyani? Akanatsegula kuti? Wogulitsa wa m'shopu sankadziwa, makaniko sakanadziwa, olo pulofesa sakanadziwa popanda kung'amba batireyo. Mwambi wa phula umagwira ntchito pamene pali funso loti ufunse ndi munthu woti akuyankhe. Pamene wogula alibe maso, ndalama yake sikugula chitsulo chokha, ikugula mawu a wopangayo. Ndiye kwa ine zapansi pa mulu ndi ngongole ya amene anaunjika muluwo, chifukwa ndi yekhayo amene anaziona. General Motors inalipira ngongoleyo mochedwa komanso mwa apo ndi apo, koma inalipira, mpaka inaimitsa fakitale miyezi ingapo. Pamenepo ndiipatse ulemu wake.

Pali ngongole ina imene imandipweteka kwambiri, ya pakamwa. Tonsefe timaitanira malonda. "Wonunkhira uyu mayi, wa ku Karonga weniweni!" Wogula amadziwa kuti pakamwa pa wamalonda pamakhala shuga, amachotserako yekha, palibe amene amafa nazo. Koma taonani maina amene makampaniwa akupereka kwa makina othandiza dalaivala. Tesla inatchula ake Autopilot, dzina la chipangizo chimene chimaulutsa ndege chokha, ena n'kuwatchula Full Self-Driving, kutanthauza kudziyendetsa kotheratu. Mu Febuluwale 2025 BYD inalengeza kuti iika makina ake m'galimoto zake pafupifupi zonse popanda kuwonjezera mtengo, ndipo dzina lake ndi God's Eye, diso la Mulungu. Diso la Mulungu, abale! Chonsecho m'kabuku ka malangizo, m'timalemba ting'onoting'ono, onsewa amalemba kuti dalaivala asachotse maso pamsewu ndi manja pa chiwongolero. Zili ngati ine kukuwa kuti kilombero weniweni, kenako n'kunong'oneza thumba kuti wosakaniza pang'ono.

Usiku wa pa 29 Malichi 2025, m'chigawo cha Anhui ku China, atsikana atatu a ku yunivesite anali m'galimoto ya Xiaomi SU7. Xiaomi ndi yomwe ija ambirife timaidziwa ndi mafoni a Redmi, ndipo inali itangotha chaka chimodzi chiyambire kugulitsa galimoto. Malinga ndi zimene kampaniyo inanena yokha, galimotoyo inkathamanga makilomita 116 pa ola makina othandiza dalaivala ali oyatsa. Kutsogolo ankakonza msewu. Makinawo anachenjeza, woyendetsa anagwira chiwongolero, ndipo patangopita masekondi awiri kapena atatu galimoto inawomba chipupa cha simenti n'kuyaka. Onse atatu anafa. Masekondi atatu, ndi nthawi imene ndimatenga kumanga jumbo. Mwezi wotsatira boma la China linaletsa makampani kugwiritsa ntchito mawu onena kuti galimoto imadziyendetsa yokha potsatsa malonda, ndipo mu Seputembala Xiaomi inaitanitsa galimoto zoposa 110,000 kuti ikonze pulogalamu ya makinawo. Tesla nayo inali itachita zofanana mu Disembala 2023, pa galimoto zoposa 2 miliyoni ku America.

Wina anena kuti wolakwa ndi dalaivala, anauzidwa kuti ayang'ane. Eya, ali ndi mbali yake, ndipo si yaing'ono. Mu Ogasiti 2025 khoti la ku Miami linamva mlandu wa ngozi ya mu 2019. Dalaivala wa Tesla anali atayatsa Autopilot, foni yake inagwa, iye n'kuwerama kuti aitole, galimoto inadutsa pa mphambano osaima n'kukawomba ina imene inaimikidwa pambali. Oweruza anagawa mlandu patatu: magawo awiri kwa dalaivala, gawo limodzi kwa Tesla, ndipo analamula kampaniyo kulipira madola 243 miliyoni. Tesla inakana chigamulocho n'kunena kuti ichita apilo. Ine kugawako ndikuona kuti kunali kwanzeru, chifukwa munthu amene wawerama kutola foni galimoto ikuyenda ndi wopusa, koma amene anamuuza kuti galimoto yake ili ndi maso ndiye anamuphunzitsa kupusako. Chimene chimandikhudza kwambiri pa mlanduwu ndi amene anafa. Anali mtsikana amene anangoima pafupi ndi galimoto yoimikidwa ija, ali ndi chibwenzi chake. Sanagule Tesla, sanawerenge kabuku, sananenerere mtengo ndi wina aliyense. Malonda anapangana anthu awiri, wolipira anakhala wachitatu.

Tsopano ndifike pa funso lachiwiri lija, la "anzanga onse akutero", ndipo ndilifotokozere pa kanthu kakang'ono: handulo ya chitseko. Mu 2012 Tesla inatulutsa Model S yokhala ndi mahandulo obisika, amene amalowa m'chitseko n'kumatuluka ndi magetsi mwini wake akayandikira. Amati zimachepetsako mphepo, galimoto iziyenda kamtunda kowonjezera, koma phindu lenileni linali kukongola. Zinkaoneka za mawa. Makampani ena anaona kuti makasitomala akuzikonda, nawonso anabisa awo, mpaka galimoto yamagetsi yokhala ndi handulo yooneka inayamba kuoneka ngati ya agogo. Palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni titsekere anthu m'moto. Aliyense ankangoopa kuoneka wachikale pafupi ndi mnzake.

Koma handulo ya magetsi imafuna magetsi, ndipo pa ngozi chinthu choyamba kuduka nthawi zambiri ndi magetsiwo. M'kati mumakhala kachingwe kapena kachitsulo kotsegulira pamanja, koma m'galimoto zina n'kobisika moti mlendo kapena mwana sangakapeze mu utsi. Mu Seputembala 2025 nthambi yoona za chitetezo cha pamsewu ku America inayamba kufufuza mahandulo a Tesla Model Y, makolo atadandaula kuti anatuluka kuti akatsitse mwana kumpando wakumbuyo, chitseko osatseguka, ena mpaka anaswa galasi. Mwezi wotsatira ku Chengdu galimoto ina ya Xiaomi inachita ngozi n'kuyaka, anthu odutsa anathamangira, anakoka zitseko, anamenya magalasi, koma osatheka. Dalaivala anafera momwemo. Apolisi anati akumuganizira kuti anali atamwa. Chabwino, tinene kuti anamwadi. Kodi chilango cha kuledzera ndi kupsa anthu akukuonerera?

Apa ndiye pamene mtima wanga umagawanika, chifukwa mawu aja akuti "anzanga onse akutero" si bodza lokhalokha. Wamalonda mmodzi woongoka pakati pa okhota khumi amafa ndi njala. Mayi amene mbale yake ndi yosakhoma amaoneka ngati wodula, makasitomala amamudutsa, miyezi itatu benchi yatsekedwa, ndipo amene atsala ndi okhoma mbale okhaokha. Chilungamo chake chathandiza ndani? N'chifukwa chake pamakhala komiti ya msika, n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayesa masikelo. Lamulo limamasula woongoka uja kuti asaphedwe ndi kuongoka kwake. Ku China tsopano achita zomwezo. Kuyambira pa 1 Januwale 2027 galimoto zatsopano zizikhala ndi chotsegulira chitseko cha pamanja kunja ndi m'kati. Pa mabatire, lamulo lakale linkangofuna kuti batire ichenjeze anthu mphindi 5 moto usanafike pamene akhala. Latsopano, loyamba mu Julayi 2026, likuti selo imodzi ikalusa batire isayake ndipo isaphulike. Onse akakamizidwa limodzi, palibe amene aluze kasitomala chifukwa chochita bwino.

Njira ina ndi kutenga zapansi pa mulu n'kuziika pamwamba. Mu 1997 ku Ulaya anayambitsa Euro NCAP, bungwe limene limawombetsa galimoto zatsopano ku chipupa n'kuzipatsa nyenyezi. Chitetezo chitangosanduka chinthu chooneka, makampani anayamba kupikisana pa icho, mpikisano womwe uja unkachidya n'kuyamba kuchinenepetsa. Kuyambira 2026 bungweli likuchotsera mapointi galimoto zimene zaika zinthu ngati ma indiketa, hutala ndi zopukutira galasi pa sikirini m'malo mwa mabatani ogwirika ndi dzanja.

Komabe sindingamukhululukire wopanga galimoto ndi mawu amenewa, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, lamulo limabwera maliro atachitika. Kuchokera pa tsiku limene injiniya wadziwa kuti chitseko ichi sichitseguka magetsi akaduka, kufika tsiku limene boma lalemba lamulo, pamadutsa zaka. M'zaka zimenezo wogula sakudziwa, boma silikudziwa, akudziwa ndi wopangayo yekha. Akakhala chete kudikira kuti alamulidwe, wasankha kuti maliro a anthu ena akhale kalata yodziwitsa boma. Chachiwiri, mawu akuti "nanga nditani" ali ndi eni ake. Ndi a mayi wa ana asanu amene akapanda kugulitsa lero kunyumba sayatsa moto. Iyeyo akakhoma mbale walakwa, koma ndimamumvetsa. Kampani ya mabiliyoni ikabwereka mawu a mayi ameneyu, njala yake si ya nsima, ndi yofuna kukhala nambala wani.

Ndipo anthu okana kutero alipo. Mu 1959 injiniya wa kampani ya Volvo ku Sweden, Nils Bohlin, anapanga lamba wa pampando amene timamanga lero, wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno. Volvo ikanatha kuumirira luso limeneli kuti likhale lake lokha, aliyense wofuna azilipira. Inalola makampani onse kuti atengere. Nawonso anali pa mpikisano, nawonso ankafuna phindu. Anangoona kuti pali zinthu zina zosayenera kuikidwa pa benchi.

Ndisabise, makampani amafadi pa nkhondo imeneyi. WM Motor ya ku China inagwa mu 2023, Fisker ya ku America mu Juni 2024, antchito n'kutha ntchito. Koma taonani amene amatsala ndi mtembo. Galimoto zamasiku ano ndi foni ya matayala, zimadalira makompyuta a kampani kuti zina ziziyenda. Kampani ikatseka, mwini galimoto amatsala wamasiye: zipangizo kulibe, wokonza pulogalamu kulibe, chitsimikizo chija chasanduka pepala loyatsira mbaula. Eni galimoto za Fisker anachita kupanga bungwe lawolawo kuti azithandizana kupeza zipangizo. Ndiye kampani imene ikugulitsa motsika kuposa mmene yapangira, pofuna kupha anzake, ikutchova juga ndi ndalama za kasitomala amene sakudziwa kuti ali pa juga.

Pali mtsutso umodzi umene ndimaulemekeza, ndipo ndikudziwa ena a inu muubweretsa. Akuti osauka nawonso ayende. Galimoto yotchipa ya chitetezo chochepa ndi yabwinobe kuposa kukwera anthu atatu pa njinga yamoto ya kabaza, kapena kumbuyo kwa lole pamwamba pa matumba. Mukaumiriza kuti galimoto iliyonse ikhale ya nyenyezi zisanu, mtengo ukwera, wosauka abwerera pa lole. Izi n'zoona ndithu, ndipo ife amene timakwera malole popita kokaoda katundu sitifunika kuuzidwa. Kutchipa si tchimo. Mpunga wosweka timagulitsa, tomato wophwanyika timagulitsa, koma pa mulu wakewake, pa mtengo wakewake, ndi dzina lake. Mayi amene wagula akudziwa chimene wanyamula, akaphika lero lomwe. Tchimo limayamba pamene wosweka wavala dzina la kilombero. Mu 2018 bungwe la Global NCAP linayesa Nissan NP300, bokosibode imene inkagulitsidwa yatsopano ku South Africa, ndipo inapata ziro, osapeza ndi nyenyezi imodzi yomwe pa chitetezo cha akuluakulu. Dzina lake lotsatsira linali Hardbody, thupi lolimba. Mu 2020 anaiwombanitsa ndi inzake ya Nissan yomweyo yogwiritsidwa kale ntchito ya ku Ulaya, ya 2015. Yakale ya ku Ulaya inateteza woyendetsa, yatsopano ya ku Africa inakwinyika. Kampani imodzi, milu iwiri, ndipo palibe amene anatiuza kuti wathu ndi wophwanyika.

Mwina mukuti zonsezi n'zakutali, kuno ngakhale magetsi otchajira foni amavuta. Koma ife ndife anthu a kaunjika, pa zovala ndi pa galimoto pomwe. Zimene zikupangidwa lero mothamanga ndi zimene zidzatsike pa doko la Dar es Salaam zaka khumi zikubwerazi n'kulowera pa Songwe. BYD inayamba kugulitsa ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa mu 2023, maiko omwe aja timaodako galimoto chifukwa chiwongolero chawo chili mbali imodzi ndi chathu. Ndipo mizere ya petulo ija ikatikwana, tidzazithamangira.

Kalata yoitanitsa galimoto kuti ikakonzedwe imapita kwa mwini wake wa ku Osaka kapena ku Birmingham. Siwoloka nyanja. Tinaziona kale ndi ma airbag a kampani ya Takata, amene anali ndi mankhwala a ammonium nitrate, omwe aja amapezeka mu feteleza wina. Akakalamba, makamaka kumalo otentha ndi a chinyezi, ankaphulika n'kumwaza tizitsulo kumaso kwa dalaivala. Galimoto mamiliyoni ambirimbiri za Honda, Toyota, Nissan ndi ena zinaitanitsidwa, Takata inagwa mu 2017, koma galimoto imene inali itagulitsidwa kale kachitatu n'kukafika ku Mchesi kapena ku Ndirande, ndani anailondola? Ya magetsi idzabwera ndi zobisika zambiri kuposa pamenepa. Injini ya petulo makaniko wathu amaimvetsera ndi khutu, amayang'ana utsi, n'kukuuza kuti iyi yatopa. Batire ilibe utsi, ilibe phokoso. Idzafika yopukutidwa bwino, chikomekome cha nkhuyu, ndipo wogulitsa pa yadi nayenso adzakhala asakudziwa za m'kati mwake.

Lamulo la 2027 lija likukhudza galimoto zatsopano. Zimene zinapangidwa kale ndi mahandulo obisika zili pamsewu, zikukalamba, zikutsika mtengo, ndipo katundu akatsika mtengo tonse tikudziwa kumene amalowera. Pa msewu wa M1 usiku, pakati pa Ntcheu ndi Dedza, ngozi ikachitika oyamba kufika si ozimitsa moto okhala ndi makina odulira zitsulo. Ndi anthu a m'mudzi wapafupi, atanyamula tochi za pafoni, makasu ndi nkhwangwa. Chinthu choyamba chimene dzanja lawo lidzafufuze pa chitsekocho ndi handulo.